Mwanasha Azilemba za Mvula

Area 1, Lilongwe
9 Malichi 1977

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife kuno tili bwino, Alhamdulillah. Mvula ikugwa mokwanira, ndipo bambo a Mwanasha ntchito yawachulukira, akusoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ya a Dhirajlal.

Malangizo anu aja ndinatsatira. Mdzukulu wanu Mwanasha ndinamugulira kope, ndipo madzulo alionse amalembamo zimene waona tsikulo. Dzanja lake lawongoka, mpaka aphunzitsi amuyamikira. Sasiya kanthu: mbuzi imene inalowa mumsika, dzino la mlongo wake Sumaila litaguluka, ngakhale ine ndikachulutsa mchere m'ndiwo! Akamatiwerengera timaseka mpaka misozi.

Kungoti mwanayu makutu ake ndi akuthwa. Lachiwiri anatiwerengera mawu onse amene bambo ake analankhula titatseka chitseko, tsiku limene anabwezedwa pamsika chifukwa choiwala khadi la chipani. Palibe anaseka. Tsamba limenelo ndinakolezera mbaula.

Kulemba sindinamuletse ayi. Ndangomuuza kuti masiku ano azilemba za mvula. Dzulo anandifunsa kuti, "Nanga ikasiya, amayi, ndidzalemba chiyani?"

Mutipempherere kuti izigwabe. Kalatayi ndapatsira munthu, sindinaiponye ku positi.

Ndine mwana wanu,
Rahima