Kamlatho kanu kathyoka, achimwene Dyton

Achimwene, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni. Ndine Janeti, mlongo wanu wamng'ono uja. Amayi ati ndilembe ineyo poti ndi ine wa foni pakhomo pano.

Mukukumbuka mmene tinkakusekerani? Anthu tili kumunda kukumba kachewere, inu mwakwera pachulu kusaka netiweki, dzanja m'mwamba ngati mlaliki kkkk. Tikafunsa munkati mukukonza templeti, kabokosi kaja kokhala pamwamba pa tsamba lililonse pa wiki ya alimi, webusaiti ija ya malangizo a ulimi. Munthu akadina pamenepo, kankamuchotsa pa Chingerezi n'kumufikitsa pa Chichewa, kapena pa Chipwitikizi cha anzathu a tsidya la msewu ku Mozambiki. Ife templeti inkatikanika kutchula, tinkangoti kamlatho. Munkakonda kundiuza kuti kumasulira si nkhani, nkhani ndi yoti mlimi alipeze tsambalo.

Achimwene, kamlatho kaja kathyoka. Eni wiki anasintha zinthu zawo, malinki onse, malo odina aja, angofiira, ukadina sapita kulikonse. Ndiye alemba kuti pakapanda wokonza mvula isanagwe, achotsa masamba onse a Chichewa poti palibe akuwawerenga. Nanga awerenga bwanji njira itatsekeka? Templetiyo munaikiya kuti anthu asamaiseweretse, imatseguka ndi akaunti yanu yokha. Ndinayesa kulowa, akuti atumiza manambala otsegulira ku foni yanu. Foni yake iti? Amayi anaiika m'bokosi mwanu tsiku la maliro, ati simunkasiyana nayo, mungakasungulumwe kumeneko. Nditakumbukira zimenezo ndinaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunatha koma misozi osaleka. Nambala yanu ndinaiimbanso. Kani anaipereka kale kwa wina, anayankha mayi wina wa ku Karonga, anandidula.

Eni wiki ndawalembera ndi Chingerezi changa cha Fomu 3 chomwechi, zii. Ndinapalasa njinga mpaka ku Kasinje kwa anzanu aja a Obed, iwo ati ankangomasulira, za makodi apakompyuta ndi inu. Amayi sindinawauze za foniyo, angadziimbe mlandu, chonsecho akamadutsa pakhomo la kuchipinda kwanu amayang'anabe kumbali. Alamu a Thokozile anaonda. Yankho wanu wayamba kulankhula, akaona chithunzi chilichonse cha munthu wandevu akuti adadi.

Ndiye ndatsegula akaunti yangayanga. Templeti sindingaikhudze, ndikungoika malinki pamanja, tsamba limodzilimodzi, bandulo ikalola. Ndayamba ndi la matenda a chiwawu cha kachewere, lija munalijambulira masamba a m'munda mwathu. Koma masambawo ndi ambiri achimwene, munalemba ambiri zedi, ndipo mitambo yayamba kale kuda kumapiriku. Sindikudziwa ngati ndimalize. Ngati kumeneko mumamva, ndigwireni dzanja.

Ife sitidzakuiwalani, Ngozo, ndipo ine sindisiya mpaka mvula indipeze.

Amayi, a Thokozile, Yankho ndi ine Janeti.