Tsiku Limene Tinapala Mano a Wirati

Penebel, Bali
9 Ogasiti 1997

Okondedwa Achimwene a Gede,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Balikpapan kumeneko, ndiponso kuti ntchito ya padoko sikukupwetekaninso msana. Kuno mpunga wacha, ndipo Bambo akudzukako, ngakhale kuti popita kukachisi wa banja kuseri kwa nyumbaku timachita kuwagwira mkono. Ndalemba kuti ndikuuzeni za mwana wanu Wirati, poti mwini wakeyo ndikudziwa kuti angokulemberani mizere iwiri basi.

Mwanayu atangofika mwezi wa Juni uja, ndisaname, ndinachita manyazi m'malo mwanu. Namwali wamkulu, wamtali ngati inu, koma m'mawa woyamba anaponda nsembe imene ndinaika pachipata, n'kumafunsa chifukwa chimene timatayira maluwa pansi. Ndinamuuza kuti Mulungu ndi mmodzi, Sang Hyang Widhi, koma zakumwamba timazithokozera pamwamba, ndipo zapansi nazo timazipatsa gawo lake kuti tikhale nazo mwamtendere. Atamva zimenezo anati ndimuphunzitse kuluka timbale ta nsembeto. Masamba a kokonati anam'cheka zala zonse, koma sanaleke. Amagwira mpeni kumanzere, ndipo Bambo atamuona anangoti malemu amayi awo, agogo athu aja, abwerera, chifukwa nawonso ankadula masamba chonchi.

Iye yekha ndiye anapempha kuti apalidwe mano pamodzi ndi ana anga awiri. Vuto linachokera kwa azakhali athu, amake Rasmi. Tsiku lina amayi tonse tili pakhonde kukonza nsembe, iwo anati, “Ameneyu mizimu ya makolo ikum'dziwa? Malemu amake anali a ku Java, bambo ake anathawa mudzi. Tikam'goneka pamphasa tidzati ndi wa yani?”

Wirati anamva zonse. Ndinakam'peza kuseri kwa nkhokwe akulira, akuti mawa lomwe akwera basi. Ndinakhala naye pansi n'kumufunsa ngati akudziwa chimene timapalira mano. Anati sadziwa, amangofuna kukhala ngati anzake. Ndiye ndinam'fotokozera monga Amayi anatifotokozera ife, kuti munthu amabadwa ndi adani asanu ndi mmodzi m'kati mwake, monga mkwiyo, nsanje, umbombo ndi chilakolako, ndipo mano asanu ndi limodzi akumwambawa timawasalaza kuti ukali wa chilombo uchepe mwa ife. Anapukuta misozi n'kundifunsa kuti, “Azakhali, nanga agogo aja, amake Rasmi, anawapala ndi tupa yobuntha?” Achimwene, ndinaseka mpaka m'mimba kuwawa, ndipo za basi zinathera pomwepo.

Amene anadula nkhaniyi ndi Bambo. Anaitanitsa wansembe wa m'mudzi, ndipo iye anati palibe choletsa, kungoti mwanayo ayambe walandira miyambo imene anaiphonya. Motero tinam'chitira mwambo wa khanda la miyezi itatu. Tinam'veka zibangili kumiyendo, tinam'pondetsa pansi ngati koyamba, n'kumuonetsa kwa makolo. Ana a m'mudzi anakhuta kuseka. Mwana wanga Komang anabwera ndi nsalu akuti am'bereke khandalo lisalire, ndipo mpaka lero amamutcha khanda. Wirati ankaseka nawo limodzi, koma wansembe atam'waza madzi oyera n'kum'mata mpunga pamphumi, analeka kuseka n'kuweramitsa mutu.

Tsiku lopala mano pabwalo panadzaza. Mukudziwa kuti mwana akagona pamphasa paja, amake amaima pafupi kum'gwira. Ine ndinali nditakonzeka kuima pamenepo. Koma itakwana nthawi yake, Wirati anadutsa bwalo lonse ndi nsalu yake ya ulusi wagolide, n'kukagwada pamaso pa amake Rasmi.

“Agogo, mayi anga kulibe. Bwerani mundigwire.”

Iwo anafunsa ngati akufuna kuwachititsa manyazi pagulu.

“Ayi, agogo. Ndikuopa tupa.”

Amake Rasmi anadzuka. Anam'gwira mapewa kuyambira dzino loyamba mpaka lomaliza, misozi ikutsika, osaipukuta. Mukumbuke kuti Rasmi wawo malungo anam'tenga asanapalidwe mano, ndipo mwana wina sanakhale naye. Mwana wanuyo analuma kachidutswa ka nzimbe, analavulira m'kokonati wachikasu monga mwa mwambo, ndipo sanagwedezeke ngakhale chala. Komang amene ankamusekayo ndiye anabuula mpaka wopala mano anamufunsa ngati khanda lenileni si iyeyo.

Chatsala chimodzi, ndipo ndalingalira kwambiri ngati ndichilembe. Itakwana nthawi yoti ana agwadire makolo awo kuwathokoza, mwamuna wanga anadzipereka kuti akhale m'malo mwanu. Wirati anakana mwaulemu, anati bambo ake ali moyo. Anatembenukira kuphiri la Batukaru, poti akuti Balikpapan ili kuseri kwake, n'kugwada, manja ataphatikiza pamphumi. Bambo, amene chichokereni inu sanatchulepo dzina lanu, anayankhula moti tonse tinamva: “Gede walera munthu.”

Za mkangano wanu ndi iwo sindilowererapo, ndinali mwana nthawi imeneyo. Ndingoti munam'phunzitsa mwanayu khalidwe, ngakhale simunam'phunzitse mapemphero, ndipo ine ndikuyenda mutu uli m'mwamba m'mudzi muno.

Landirani moni kuchokera kwa alamu anu ndi kwa ana. Amake Rasmi akuti mwanayu asabwerere msanga, sanamalize kum'phunzitsa nsembe zazikulu. Wirati akupereka moni, akuti zowawasa sakutha kudya, mano akadali kuyayamira. Chikondwerero cha Galungan ndi mwezi wamawa, mizimu ya makolo idzatsika kudzationa, ndipo pachipata pafunika kuimika nsungwi yokongoletsa. Bambo akuti ndikuuzeni kuti nsungwi za kumtsinje zakhwima, koma iwo chikwanje chikuwalemera. Sanati ndikuitaneni. Angoti ndikuuzeni za nsungwizo, ndipo andifunsa kawiri ngati ndalemba.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Luh Sukerti