Timazira ta Nkhumba ndi Mtayo Wanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ine ndabwera kumudzi kuno ku Mvera pa tchuthi. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Yohane, anachira mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga chadzaza nkhokwe, koma fodya anaonongeka ndi matalala. Khola lija likadali pululu chimalizireni chigodola nkhumba zanu. Mwamera bonongwe.

Chigodola chomwecho ndi chimene chinandipititsa kusukulu yakunja ija. Imvani ntchito yake, museke. Timatenga kadzira ka nkhumba kongokumana kumene ndi mbewu ya yaimuna, kochepa kuposa kanjere ka fodya. Pansi pa galasi lokulitsa zinthu, dzanja lamanzere limakagwira ndi kapaipi, lamanja limakabaya ndi singano yagalasi yoonda kuposa tsitsi, n'kuthiramo zosinthira chibadwa, poyesa kuti ana odzabadwawo matenda asamawagwire. Njira ina timaika timazirato m'madzi n'kudutsitsamo magetsi pang'ono kuti titseguke tokha. Inu munkati, "Dzira lofungatira nkhuku saligwedeza." Mwana wanu ndiye amachita kuboola.

Tambiri timafa, Amayi. Dzulo kamagawikana bwinobwino, lero kada, kangoti zii. Timatikhuthulira m'chidebe, n'kusamba m'manja.

Ndikamakhuthula ndimaona azimayi aja, ine ndili wamng'ono, akutsetsereka kudambo ndi kanthu kokulunga m'chitenje. Panalibe nyimbo, panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe. Nditayamba kulira munanditseka pakamwa muli chigonere pamphasa: "Mtayo salira, mwanawe." Koma patapita masiku ndinakupezani kukhola mukuthirira nkhumba gaga, misozi ikugwera momwemo.

Tsopano nkhani imene akuidziwa bambo a mwanayu okha: ndili ndi pakati, miyezi ikadali yochepa. Chiyambireni dzanja langa limanjenjemera pa singano, ndipo aphunzitsi anandichenjeza kuti zikapitirira andichotsa pa ntchitoyi. Ndikuopa kuitaya ntchitoyo, khola lingakhale pululu mpaka kalekale. Koma chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti kangaka kangade ngati tinzake ta m'chidebe tija.

Dzulo masana ndinatsikira kudambo kukafuna malo amene anaika mng'ono wanga uja. Pali dimba la tomato tsopano, ndipo palibe amene akukumbuka. Nditaima pamenepo ndinamva fungo la gaga wonyowa, kuno kopanda nkhumba, ngati mwaima kumbuyo kwanga ndi ndowa yanu. Sindinacheuke. Ndinachita mantha kukuonani, ndinachitanso mantha kupeza kuti inu kulibe.

Ndibwerera kusukulu, ndikaligwira dzanjali mpaka likhazikike. Kakabadwa ndidzabwera nako kumanda kwanu mudzakaone. Kakapanda kutero, Amayi, mundikhululukiretu: ndidzalira mokweza mudzi wonse umve, kulirira kanga ndi kanu komwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati