Noelia M'galimoto Nthawi ya Kalasi

Tulare, 9 Epulo

Okondedwa Azakhali Odilia,

Pali zitatu zoti zikonzeke mwana wanga Noelia asanasamukire kwanu ku San Jose: chipinda munamulonjeza chija, pepala la katemera, ndi zotsatira za mayeso ake pa koleji yathu yaing'onoyi. Ziwiri zoyambazo zatheka. Ndikhulupirira bondo lanu lapepukako. Kuno ndi fumbi lokhalokha, ndipo amuna anga a Gilberto akadali ndi ng'ombe zawo.

Yunivesite ya kwanuko inamulandiradi kuti akamalize digiri ya masamu, koma kalata yawo ndaiwerenga kangapo. Akalephera phunziro limodzi teremu ino, malowo amulanda.

Lachiwiri nditaweruka msanga kuntchito kwanga ku labotale, ndinadzera kukolejiko. Inali nthawi ya kalasi yake ya masamu, koma ndinamuona ali m'galimoto panja, injini yozima, manja pachiwongolero, akungoyang'ana kutsogolo. Iye sanandione. Lachinayi ndinapitanso, ndipo ndinapeza zomwezo.

Madzulo ake nditamufunsa za kalasi, anati, "Koma amayi inu, kudandaulaku amakulipirani? Zikuyenda." Bambo ake anaseka nati, "Tamusiyani pulofesa wathuyu adye." Iwotu auza kale tchalitchi chonse kuti akupita ku yunivesite.

Inu munamulera nthawi imene ndinagonekedwa m'chipatala, ndipo amakumverani. Kodi ndimuuze kuti ndinamuona, kapena mumuimbire inuyo ngati simukudziwa kanthu? Si mayeso okha akundisowetsa tulo, Azakhali. Nkhope imene anali nayo m'galimoto muja ndinaionapo pa mchimwene wanga Duarte, ndipo inu mukukumbukira kuti sizinamuthere bwino.

Chonde ndiyankheni sabata ino isanathe.

Ndine mwana wanu,
Zulmira