Nyimbo yanga ndinaipereka kwa malemu

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 74, wa kuno ku Maramba. Kusukulu sindinapondeko, ndipo sindidandaula. Zilembo ndinaziphunzirira pa mabogi a sitima nthawi imene ndinkakonza njanji, choncho musandiyankhe ngati mwana.

Ndili mnyamata ndinapeka nyimbo pa banjo yanga ya chitini. Ndinaipekera mtsikana wina dzina lake Lonah, ndipo mawu ake amatamanda mtsikana wotsika sitima ya ku Mulobezi atasenza nsomba zouma. Lonah anandikana. Koma nyimboyo inali yokoma, sindikanaitaya. Nditakumana ndi Ennie wa ku Simonga, ndinangochotsa dzina la Lonah n'kuikapo lake. Anandilola, ndipo takhala limodzi zaka 49.

Vuto labwera ndi mdzukulu wathu Nakatindi. Amaimba ndi gitala m'malo ogona alendo, nyimbo zopeka yekha, zina zodandaula za magetsi, zina za anyamata amene sindikufuna kuwadziwa. Chaka chino anayamba kuyendera anzanga akale a njanji, n'kumajambula nyimbo zawo pafoni. Nkhalamba zopanda mano zija zinamuimbira nyimbo yanga mmene inalili poyamba, ya Lonah. Mwanayo sanadziwe mwiniwake, popeza banjo ndinaisiya iye asanabadwe.

Tsiku lina nyimboyo inalira pa wailesi, woimba ali Nakatindi, Ennie akutsuka mbale. Anaima n'kuti, “Imwe, iyi nyimbo si ija yanga? Nanga uyu Lonah ni ndani?”

Ndinayankha msanga kuti, “Ni ya malemu Siyanga iyo, ine ninabwereka chabe.”

Siyanga anali mnzanga, koma munthu uja ngakhale kuwomba m'manja ankaphonya. Ennie anakauza Nakatindi, ndipo tsopano pa wailesi akuti nyimboyo ndi ya malemu Siyanga. Loweruka la sabata yamawa Nakatindi akaimba kutauni, ndipo waitana ana a Siyanga kuti akaime kutsogolo, anthu akawaombere m'manja.

Aphungu, njanji imene ndinakonza si yanga, nyumba ndi ya lendi. Changa chenicheni padziko pano ndi nyimbo imeneyi. Ndikaulula, Ennie andidya wamoyo. Ndikakhala chete, ulemu wanga upita kwa Siyanga mpaka kalekale. Nditani?

M.K., Livingstone

Ba M.K.,

Nyimbo munalanda Lonah n'kupatsa a Ennie, kenako mwadzilanda nokha n'kupatsa munthu wa kumanda. Kuba kotere sindinakuonepo.

Ndikufunseni. A Ennie ndi a ku Simonga, pafupi pompano. Sitima ya ku Mulobezi anaikwera liti? Nsomba zouma anasenzera kuti? Mayiwo anadziwa tsiku loyamba lomwelo kuti nyimbo mwawaimbirayo ndi ya salaula, yovalidwa kale ndi wina, koma anakulolani chonchobe. Ndipo ndikuganiza kuti bodza la Siyanga anathamanga nalo kwa mdzukulu mwadala, kuti aone kunyada kwanu kupirira masiku angati.

Yambani ndi iwo, lero lomwe, muli awiri. Nenani mwachidule: nyimboyo ndi yanu, Lonah analipo, ndipo anakukanani. Mawu omalizawa musawameze, ndi amene awasangalatse.

Mukatero itanani Nakatindi. Woimba wosamala ngati ameneyu, woyenda khomo ndi khomo kufunafuna eni nyimbo, si wofunika kumunamiza. Kwa ana a Siyanga mupite nokha ndi miyendo yanu Loweruka lisanafike, asadzamvere pagulu atavala kale masuti.

Chotsala ndi banjo. Zitini sizinathe mu Livingstone. Mayi amene wakupirirani zaka 49 sanapekeredwepo nyimbo yakeyake. Pekani, ndipo musatchulemo sitima.

Koma chenjerani. Ngati pakati pa Lonah ndi a Ennie panali winanso amene munamuimbira nyimbo yomweyi, muululeni pamodzi ndi zinazi. Anzanu a njanji aja akadali moyo, ndipo Nakatindi sanamalize kuwayendera.