Dzanja Paphewa pa Amayi

Tan Chau,
9 Novembala 2011

Okondedwa achemwali Diep,

Ndikhulupirira muli bwino ku Taichungko. Kuno madzi aphwa, koma atisiyira matope mpaka m'makutu. Chimene sindinakuuzeni pafoni n'chakuti chigumula chinafika paguwa la makolo m'nyumba muno, ndipo chithunzi cha amayi chinasungunuka, kungotsala feremu. Mwambo wokumbukira imfa yawo uli sabata yamawa. Ababa ankangokhala moyang'anizana ndi feremu yopanda munthuyo, mpaka tsiku lina anandiuza kuti nkhope ya amayi yayamba kuwathawa m'mutu. Ndinachita mantha, achemwali.

Zithunzi zina zinali m'kompyuta munatisiyira ija, imene inapulumukira pamwamba pa kabati. Nditaiyatsa, inangolemba timawu toyera pamdima n'kuima, ati ikufuna chimbale chimene inabwera nacho. Ndinasanthula nyumba yonse, kenako ababa anandilozera kumunda. Chimbalecho anachimangirira kalekale pansungwi kuti chiziopseza mbalame mumpunga! Ndinachipeza chitasupuka ndi dzuwa. Mtima unandiwira, koma bambo ako ungawakalipire bwanji?

Kompyutayo ndinainyamula panjinga yamoto kupita kwa mayi Suong, okonza makompyuta kuseri kwa msika wa nsomba. Atamva za chimbale anaseka mpaka kutuluka misozi.

"Ndiye mbalamezo pano zikudziwa kompyuta kuposa iwe? Usadandaule mwanawe. Moto ukazima m'nyumba, timakapala kwa aneba."

Anatenga fulashi yaing'ono ngati chala, n'kuilowetsa m'kompyuta yawo yamoyo, kenako m'yathu yakufayo. Ine poyesa kuti akufuna kufufuta zonse, ndinawagwira mkono. Anati sakhudza kanthu, akungoikumbutsa njira yodzukira. Tinadikira. Mwadzidzidzi inaimba kanyimbo kake kaja n'kuwala. Mpaka lero sindikumvetsa kuti kanthu kochepa chotero kanganyamule bwanji moyo kuchoka m'makina ena n'kukaupereka kwa anzake. Zonse zinalimo, ngati palibe chinachitika.

Chithunzi chooneka bwino cha amayi chinalipo chimodzi chokha, chija cha tsiku limene munkanyamuka, mutaima nawo pakhomo. Poti wamoyo saikidwa paguwa, mayi Suong anakudulanimo, koma dzanja lanu linatsala paphewa pa amayi. Anasindikiza chongoyesera kuti ndikaonetse ababa, n'kunena kuti dzanjalo alifufuta mawa lake, si ntchito yovuta.

Ababa anachiyang'ana nthawi yaitali. Nditawauza zofufutazo, anachiphimba ndi chikhatho.

"Lisiyeni. Mwanayu sanathe kubwera kudzawaika m'manda. Awagwireko pano."

Azakhali akuti amenewo ndi malodza, dzanja la munthu wamoyo silikhala pakati pa lubani ndi akufa. Akangana ndi ababa mpaka asiya kulankhulana. Ndiye ine ndikufunsa inu eni dzanja. Mukakana, tilifufuta ndipo palibe adzakuimbeni mlandu. Chonde yankhani mwambowo usanafike.

Ababa akupereka moni, ndipo ayambanso kudya. Azakhali nawonso akupereka moni, ngakhale mokwiya. Amayi akumwetulira monga munawasiyira, ndipo pamene ndikulemba pano simunawataye.

Ndine mlongo wanu,
Khiem