Jewo wa a Thongbai

9 Julayi
Masiku asanu ndi awiri anakwana dzulo. Amuna anga a Thongbai sanabwere kuchokera kukachisi. Anameta mutu, kuvala mkanjo wa amonke chifukwa cha maliro a mayi awo, monga achitira ana aamuna onse. Anati sabata imodzi basi. Mbande za mpunga zakula, zikudikira kuwokera. Mwezi ukakhala wathunthu pa 16, amene ali mumkanjo satulukanso kukachisi mpaka miyezi itatu. Ine ndi munda ndekha?

10 Julayi
Ndasinja jewo, ndiwo yathu yosusira mpunga. Tsabola wootcha, adyo, chikopa cha njati chodula timizere, monga amakondera. Zaka khumi ndi zinayi munthuyu sanadyepo mpunga osasusa mu jewo wanga. Ndapereka kukachisi pamodzi ndi zakudya za amayi ena. Nditagwada, mutu pansi, kwa mwamuna amene ndimamuchapira zovala! Sanandiyang'ane.
Kambale kabwera kopukutidwa psiti. Ndiye kuti akundikumbuka.

11 Julayi
Psiti kachiwiri. Koma ngati jewo akumupeza komweko, abwereranji? Mlamu wanga Vandy: "Iwe ndiwe wopusa. Ukumunenepetsera kukachisi, kenako uzilira." Mwina akunena zoona. Mwina ayi. Vandy anathawidwa ndi amuna awiri.

13 Julayi
Masiku awiri osapereka. Manja akuyabwa. Ndadya mpunga ndi mchere, jewo ali mumtsuko, sindikumufuna.

14 Julayi
Mkulu wa amonke, agogo aja opanda mano, anandiimitsa pabwalo. "Mwana wanga, watilanga chifukwa chiyani? Mpunga sukutsika." Kani amene amapukuta kambale ndi iwowo! Ndinafunsa za bambo a kwathu. Anaseka. "Ameneyo sakhudza n'komwe. Amakankhira kutali. Akuti akangolawa, mkanjo uvuka."
Ndabwera ndikulira, sindikudziwa ngati n'chisoni kapena chiyani. Akundikana kapena akundiopa? Ngati akufunadi kukhala, ndine ndani kulimbana ndi kachisi? Amati mkazi wokokera mmonke kunyumba amasenza tchimo. Nanga mbande zikapsa, tchimo ndi la yani?

15 Julayi
M'mawa amonke akudutsa pamzere, ife titagwada m'mbali mwa msewu. M'mbale zawo timaponyamo mpunga womata wokhawokha, ndipo chimene chaponyedwa sakana. Ndinaumba mbamu imodzi yaikulu, pakati ndinabisamo jewo, n'kutseka bwinobwino. Mwamuna wanga anali wachisanu pamzere. Ndinawerenga mapazi, poti kumaso sitiyang'ana. Chala chokhota chija. Ndinaponya.
Vandy anaona. "Ukapsa nazo wekha." Chabwino.
Tsiku lonse ndikungodzifunsa. Bwanji ngati amasakaniza mpunga wonse? Bwanji ngati yagwera agogo aja?

16 Julayi
Ng'oma yakukachisi yalira kuyambira m'bandakucha. Anthu apita ndi makandulo ndi maluwa. Ine ayi. Ndinatenga dengu kuti ndikayambe ndekha kuzula mbande.
Pansi pa masitepe a nyumba yathu, a Thongbai. Mutu mbee, nsidze palibe, buluku lobwereka lofika m'mawondo. Ndinayamba kugwada, kenako ndinakumbuka kuti palibenso chifukwa.
Anandiitana monga mwa kale: "Mayi a Noi, mchere unachuluka mu jewo uja."
Sunachuluke. Ndikudziwa sunachuluke. Wadya mbamu zisanu ndi imodzi, akususabe, ndipo ine ndikukasinja jewo wina.